Funde la Hokusai ndi munthu amene anamutcha woukira dziko

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, ambiri mukukumbukira chithunzi cha funde chija chinali pakhoma kuseri kwa tebulo langa. Ena munkati ndi nyanja yathu nthawi ya mwera. Anandisiyira ndi mnzathu wa ku Japan amene anadzaphunzitsa masamu kwa zaka ziwiri. Posachedwapa mmodzi wa inu wandilembera kufunsa ngati chidakalipo, akuti wamva kuti chithunzi chomwecho chinagulidwa ndi madola mamiliyoni. Pepa mwana wanga, changa chija linali tsamba chabe la kalendala, ndipo chiswe chinathana nalo kalekale. Koma zimene unamvazo n'zoona. Mu March 2023 chimodzi mwa zoyambirira chinagulitsidwa ku Christie's, ku New York, pa madola 2.76 miliyoni.

Anachijambula ndi Katsushika Hokusai cha m'ma 1831 mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 70. Zithunzi za mtunduwu amazitcha ukiyo-e, ndipo zinkadindidwa zambirimbiri. Wojambula ankalemba papepala lopyapyala, wosema n'kulimata chafufumimba pathabwa la mtengo wa cherry, n'kusema kusiya mizere yokha. Apa ndiye kuti pepala la wojambula lathera pomwepo. Mtundu uliwonse unkafuna thabwa lakelake, ndipo wodinda ankakhutiza pepala pathabwapo ndi dzanja, mtundu umodzi pa nthawi. Mwini malondawo anali wosindikiza, amene ankalipira onsewa. Wa fundeli anali Nishimuraya Yohachi. Akatswiri amati mwina anadinda mpaka 8,000, ndipo zodziwika kuti zidakalipo zangopitirira pang'ono 100.

Zina zonsezo zinapita kuti? Zinapita komwe kunapita kalendala yanga. Zinali zinthu zotchipa, za anthu wamba am'tauni. M'chaka cha 1842 boma linalamula kuti chithunzi chimodzi chisapose 16 mon, umene unali mtengo wa mbale imodzi ya soba, chakudya cha m'mbali mwa msewu. Anthu ankazimata pakhoma, utsi n'kuzidetsa, zikatha n'kugula zina. Akuluakulu ophunzira ankazipeputsa poti zambiri zinkaonetsa ochita zisudzo, akazi a m'nyumba zachisangalalo ndi omenya sumo.

Japan itakakamizidwa kutsegula madoko ake m'ma 1850, zithunzizi zinayamba kufika ku Paris, ndipo ojambula akumeneko anapenga nazo. Claude Monet anasiya 231 m'nyumba yake ku Giverny. Vincent van Gogh, amene ndalama zinkamusowa nthawi zonse, anagula mazanamazana kwa wamalonda wina dzina lake Siegfried Bing. Izi ndizidutsa msanga chifukwa zinalembedwa kale m'mabuku ambiri. Amene wandikhalitsa pansi ine ndi munthu amene ankabweretsa katunduyo.

Hayashi Tadamasa anabadwa mu 1853. Anafika ku Paris mu 1878 ngati wotanthauzira pa chionetsero chachikulu cha mayiko, ndipo chionetsero chitatha anakhalira komweko. Anaona kuti Afalansa ankafuna zithunzizi koma sankatha kuwerenga mayina olembedwapo, kapena kusiyanitsa chodindidwa thabwa likadali lakuthwa ndi chodindidwa litatha. Iye ankatha, ndipo ndi amene ankamasulira nkhani za ku Japan kwa Edmond de Goncourt polemba mabuku ake onena za Utamaro ndi Hokusai. Anatsegula sitolo yake, anthu ake kwawo n'kumamugulira m'masitolo a zakale ndi m'mabanja. Kaundula wake amaonetsa kuti pakati pa 1890 ndi 1901 analandira zithunzi zoposa 150,000. Pa zambiri ankadindapo kachidindo kake kofiira, ndipo osonkhanitsa amakapezabe pakona ya pepala mpaka lero. Boma lake linamudalira mpaka kumuika kukhala mkulu wa gawo la Japan pa chionetsero cha Paris cha 1900. Anamwalira mu 1906, ndipo anthu akwawo atazindikira kuti zabwino zonse zili kunja, dzina limene linamumatirira linali loti woukira dziko.

Mlanduwu ndinaupereka kwa ana a Fomu 4 chaka china, ndipo kalasi inagawikana pakati. Maganizo anga ndi awa. Hayashi sanabe. Nkhani yake ndi yosiyana ndi ya ziboliboli za ku Benin zimene asilikali a Britain anatenga ndi mfuti mu 1897. Iye ankagula kwa anthu ofuna kugulitsa, pa nthawi imene olemera a dziko lake maso awo anali pa njanji ndi masuti a Azungu. Komanso sindingamutche mpulumutsi monga ena amachitira masiku ano. Anali wamalonda, ankagula motchipa n'kugulitsa modula, ndipo ogulitsawo sankadziwa mtengo wa ku Paris. Amene amamuikira kumbuyo amatchula chivomerezi cha pa 1 September 1923, pamene moto unapsereza mbali yaikulu ya Tokyo ndipo anthu oposa 100,000 anafa pa tsokalo, ndiponso mabomba a mu March 1945. Zoonadi mapepala amene anali kunja anapulumuka. Koma Hayashi sakanadziwa za moto umene unabwera iye atagona kale zaka 17, ndiye ngati zinapulumuka unali mwayi.

Kusonkhanitsa kunasinthanso zithunzizo. Mtengo utakwera, kunabuka anthu okonza zong'ambika, opakanso mitundu yofwifwa, ena n'kusema matabwa atsopano. Ngakhale Frank Lloyd Wright, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku America amene ankapanga ndalama zambiri pogulitsa zithunzizi, cha m'ma 1920 anapezeka kuti wagulitsa zopakidwanso, ndipo anabwezera ogula ake. N'chifukwa chake wogula wochenjera lero amayang'ana kumbuyo kwa pepala, kumene utoto unalowerera wodinda akukhutiza, ndiponso mizere yopyapyala. Pa funde lija amaona ngati mzere wozungulira mawu a mutu uli wathunthu kapena woduka, chifukwa thabwa linkabenthuka likamakalamba. Amayang'ananso mitambo. Buluu wa Prussia amene Hokusai anagwiritsa ntchito sachedwa kudziwika ndipo amalimba, koma mitundu yofewa ya kumwamba dzuwa limaifafaniza.

Za dzuwazi pali nkhani imene imandiseketsa n'kundimvetsanso chisoni. Abale awiri a ku Boston, William ndi John Spaulding, amene Wright yemweyo anawagulira zambiri, mu 1921 anapereka zithunzi zoposa 6,000 ku Museum of Fine Arts mumzindawo. Anaika lamulo loti zisadzapachikidwe pakhoma kuti anthu azione. Chifukwa cha lamulolo mitundu yake idakali yowala. Ndiye taganizani, chinthu chimene wosenza katundu wa ku Edo ankagula ndi ndalama ya nkhomaliro n'kuchimata pafupi ndi moto, chinatsekeredwa mumdima kutsidya la nyanja. Mwamwayi tsopano anazijambula n'kuziika pa intaneti, ndipo ine ndinaziona pa foni.

Zina zinabwerera kwawo, koma pogula. Henri Vever, wosula ndolo ndi mphete wa ku Paris amene anali kasitomala wa Hayashi, cha m'ma 1920 anagulitsa pafupifupi 8,000 kwa Matsukata Kojiro, mkulu wa kampani yopanga sitima zapamadzi ya Kawasaki ku Kobe. Zimenezi lero zili ku Tokyo National Museum. Ndipo kuyambira mu July 2024 funde lija lili kumbuyo kwa ndalama yapepala ya 1,000 yen. Mnzathu wa masamu uja wandilonjeza kuti anditumizira imodzi. Ikafika ndiika m'kati mwa buku, kutali ndi windo ndi chiswe.