Mayi Wobisidwa Nkhope mu Tom and Jerry, 1940 mpaka 2005

Makatuni a Tom and Jerry anayamba pa 10 February 1940, pamene William Hanna ndi Joseph Barbera a kampani ya MGM ku America anatulutsa chigawo choyamba, Puss Gets the Boot. Pofika 1958 anali atapanga zigawo 114, ndipo 7 mwa izo zinapata mphoto ya Academy Award.

Pepalali likuunika mayi wachikuda wa m'zigawo zina, wodziwika ndi dzina loti Mammy Two Shoes. Kawirikawiri oonera ankangoona miyendo, masilipasi ndi tsache lake, nkhope osaiona. Amene ankamuyankhulira ndi Lillian Randolph, m'Chingerezi chokokomeza chimene mafilimu a nthawiyo ankanyozera nacho anthu akuda. Bungwe la NAACP linadandaula, ndipo mayiyu anaoneka komaliza mu 1952, m'chigawo cha Push-Button Kitty.

Makatuniwa atayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS mu 1965, m'zigawo zina anamufufuta n'kujambulapo mzungu, yemwe ankamuyankhulira ndi June Foray. Potero anachotsa chipongwe, koma anafafanizanso umboni wa tsankho pamodzi ndi ntchito ya Randolph.

Mu 2005, pa DVD ya makatuniwa, anatsata njira ina. Whoopi Goldberg anayamba wafotokozera oonera kuti zithunzizo n'zolakwika, koma kuzichotsa n'kunamizira kuti tsankho kunalibe. Njira imeneyi ndi yothandiza kwa wofufuza mbiri, chifukwa chigawo chokonzedwa chimangotiuza za 1965, pamene choyambirira chimatisonyeza zimene anthu a mu 1940 ankaseka.