Doko la lendi ndi thangata wa makolo athu

Lero ndikamba za doko. Wina aseka kuti munthu wa ku Thyolo, amene bwato amangouona pa foni, akudziwapo chiyani za kunyanja? Khalani pansi kaye, nkhaniyi ndi yathu yomwe.

Paja mukukumbuka Kudzigulira Malo, pulojekiti ija inayamba mu 2004. Mabanja oposa 15,000 analandira minda, ndipo ena mwa iwo anali athu a Thyolo ndi Mulanje amene anasamukira ku Mangochi ndi Machinga chifukwa kuno malo anatha. Mwana wa achemwali anga anapita nawo. Dzinja amalima, chilimwe amatsikira kunyanja kukapikula usipa. Iyeyo ndiye wandiuza kuti doko lina limene asodzi ankakocheza kuyambira kale, pano lili mkati mwa mpanda wofika m'madzi. Mwini nyumba amakhala m'tauni, amabwera pa Khirisimasi basi. Wofuna kumangirira bwato pamenepo azilipira pamwezi, apo ayi azisiya ndowa ya nsomba kwa mlonda. Mtengo anaika ndani? Pepala lake lili kuti? Ukakuthamangitsa ukadandaula kwa yani? Palibe akuyankha.

Ine nditamva ndinangoti, ameneyu ndi thangata, wangovala malaya ena.

Achinyamata, mverani mmene zinayambira kuno. Cha m'ma 1880 ndi 1890 azungu anatenga malo aakulu m'mapiri muno, mafumu n'kuwapatsa nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira mu 1892 bwana Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi a azunguwo. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene ilipo kale isasokonezedwe. Mawu abwino ndithu. Koma makolo athu ankati nthaka ikaguga amatsegula mphanje kwina, ndiye ukangosuntha, chitetezo chija chatha. Nanga Alhomwe amene anabwera pambuyo pake kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique? Iwowo pepala silinkawadziwa n'komwe. Anapatsidwa pomanga nyumba, koma malipiro ake inali ntchito.

Mawu akuti thangata kale anali okoma, kuthangatana pa ntchito, monga timachitira polimitsana. Pa esiteti anasanduka lendi. Poyamba unali mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba. Kenako miyezi inayamba kutalika, chifukwa wowerenga masiku anali kapitawo, ndipo wosunga buku anali mwini malo. Ndiponso ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wako ukufuna khasu. Mkwiyo umenewu ndi umodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915.

Mu 1928 boma la atsamunda linaika lamulo la anthu okhala pa maesiteti. Linati lendi munthu angathe kulipira ndi ndalama, ndi ntchito, kapena pogulitsa mbewu zake kwa mwini malo. Koma lamulo lomwelo linalola mwini malo kuchotsa mabanja ena pakatha zaka zisanu zilizonse popanda kunena chifukwa. Mnyamata akakwana zaka 16 ankatha kuuzidwa kuti achoke. Mkamwini ankatha kukanizidwa kumanga pamudzi pa mkazi wake. Taganizani, ife a chikamwini, mwana wako wamkazi akwatiwe koma mwamuna asalowe! Agogo anga akamakamba zimenezi ankasiya kudya.

Mu Ogasiti 1953 zinthu zinaphulika konkuno, nthawi imeneyo azungu ankalemba kuti Cholo. Moto unayakira pa nkhani ya malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, koma nkhuni zake zinali lendi, kuthamangitsidwa pamalo, ndi chitaganya chimene anthu sankachifuna. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, ndipo pa zipolowe za nyengo imeneyo anthu 11 anafa. Thangata anadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ufulu uli pafupi. Kuchokera pa zikalata za Johnston, zinatenga zaka 70.

Tsono taonani kufanana kwake. Kuno mwini pepala sanagule anthu ayi, anagula nthaka imene anthu sakanatha kukhala popanda iyo. Kunyanja naye wa mpanda sanagule nyanja. Wagwira pakhomo pake pokha, poti msodzi sangauluke ndi bwato, ayenera kukocheza penapake, kuyanika ukonde penapake, mayi ayenera kutunga ndi kuchapa penapake. Ukagwira pakhomo, nyumba yonse ili m'manja mwako.

Kusiyana kwake n'kwakuti lero malamulo alipo oti tingaimirepo. Madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje ndi a dziko, si a munthu mmodzi. Makomiti a m'madoko, aja amati ma BVC, anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitayamba kusowa, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula njira yoti asodzi aziyendetsa nawo usodzi pamodzi ndi boma. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo, wapampando wake gulupu, mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Munthu akamanga kathandala kake kokochezapo boti pamalo ake n'kumabwereketsa anzake a maboti a injini, imeneyo ndi bizinesi yake. Koma doko la mudzi ndi njira yopita kumadzi ziyenera kudziwika, zilembedwe, mfumu, komiti ndi a khonsolo azidziwe mpanda usanazikidwe. Ukazikidwa kale, kuuzula ndi milandu ya zaka.

Nafenso kuno tisati za kunyanja sizikutikhudza. Tili ndi Nsuwadzi, tili ndi Thuchila, tili ndi madambo a dimba ndi tinjira topita kuchitsime todutsa m'malire a eni. Amene mukubwereketsa dimba, lemberanani: miyezi ingati, ndalama zingati, mboni ndani, ndipo njira ya kumadzi ikhale ya onse. Inu a m'tauni amene mukugula mapuloti kunyanja, sitikukuchitirani nsanje, mangani ndithu. Koma musanaitane mmisiri wa mpanda, funsani akuluakulu a pamenepo kuti mabwato amakocheza pati. Agogo anu anagwira thangata, musakhale inuyo kapitawo wa anzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amene agogo anu anakusimbirani za 1953, lembani m'munsimu dzina la mudzi ndi zimene anaona, ana athu awerenge.