Kusakhazikika kwa RAM pa Kompyuta Yodzilumikizira Wekha

Kusakhazikika kwa RAM ndi vuto limene kompyuta imasokoneza zinthu zimene yasunga kwa kanthawi pamene ikugwira ntchito. Limavuta kwambiri makompyuta amene mwiniwake analumikiza yekha ndi zipangizo zogula apa ndi apo.

Zizindikiro. Kompyuta imazima n'kudzukanso yokha, imauma pakati pa ntchito, sikirini imasanduka ya buluu, mafayilo amawonongeka.

Kuyesa. Pulogalamu ya MemTest86, imene Chris Brady analemba mu 1994, imaikidwa pa fulashi ndipo imayenda Windows isanatseguke. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha chikaoneka, RAM siili bwino. Pulogalamu ya Prime95 ya George Woltman, ya mu 1996, imapanikiza purosesa pamodzi ndi RAM kwa maola angapo.

Zoyambitsa. XMP, imene Intel inatulutsa mu 2007, imathamangitsa RAM ndi kukweza mphamvu ya magetsi a RAM ya mtundu wa DDR4 kuchoka pa mavolti 1.2 kufika nthawi zambiri pa 1.35. Zina ndi kuphatikiza ma RAM osafanana, magetsi ophethiraphethira, kutentha ndi fumbi. Ku Matope, m'mbali mwa Shire m'boma la Neno, dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, fumbi limaundana pa mafani mpaka bokosi limatentha ngati mbaula.

Kukonza.  Bwezeretsani BIOS m'mene inabwerera ndipo zimitsani XMP. Zulani kompyuta ku magetsi, kenako pukutani mano agolide a RAM ndi labala yoyera. Yesani RAM imodziimodzi. Ngati ma RAM ndi awiri, aikeni m'mipata ya A2 ndi B2. Chotsani fumbi, gwiritsani ntchito UPS yoteteza ku magetsi ophethiraphethira. RAM yolephera payokha, isintheni.