Mafupa a ku Pienaarsrivier

Ukachoka ku Hammanskraal kulowera kumpoto pa msewu wa N1, posakhalitsa umafika ku Pienaarsrivier, dera la mafamu akuluakulu. Kumeneko, m'chaka cha 1987, apolisi achinsinsi a boma la tsankho anatengerako amuna atatu: Jackson Maake, Andrew Makupe ndi Harold Sefolo. Anawazunza ndi magetsi a jenereta mpaka kuwapha, kenako anakaphulitsa mitembo yawo ndi bomba m'dera la Bophuthatswana, "dziko" lomwe boma lomwelo linakhazikitsa mu 1977. Tauni ya Temba, ku Hammanskraal, inali m'dzikoli.

Kwa abale awo, anthuwa anangosowa. Panalibe maliro, panalibe manda. Zomwe zinachitika zinadziwika mu 1996, pomwe apolisi ngati Jacques Hechter ndi Paul van Vuuren anaulula pamaso pa Truth and Reconciliation Commission popempha chikhululukiro. Mafupa anadikirabe mpaka gulu la Missing Persons Task Team, lomwe linayamba ntchito mu 2005, litafukula manda a anthu osadziwika ku Winterveld.

Mbiriyi inandibwerera nditawerenga Warrior Girl Unearthed, buku la achinyamata lomwe Angeline Boulley, mlembi wa mtundu wa Ojibwe ku Michigan, anatulutsa mu 2023. M'bukumo, mtsikana wa zaka 16, Perry, akupeza kuti mafupa a makolo ake akusungidwa m'mabokosi pakoleji ina, ngakhale lamulo la NAGPRA la 1990 limati abwezedwe kwa eni ake. Wofufuza mlandu m'bukuli ndi mdzukulu wa ophedwa ndi obedwawo, amene sanaone zoipazo ndi maso ake koma anakulira m'nyumba zomwe zimazikumbukira.

Ku Tshwane adzukulu otere alipo ambiri. Ana obadwa 1994 itadutsa anakula akuona chithunzi pakhoma chomwe agogo safuna kuchikamba. Ife Amalawi tikuchidziwa chilonda chotere: agogo athu ena anapita ku migodi ndi Wenela nakhala matchona, ndipo mpaka lero sitidziwa komwe anagona.

Zikalata za Commission zinalemba mayina a akupha ndi malo omwe anapherako. Zomwe mwana anamva usiku agogo akulira kuchipinda sizinalembedwe, ndipo buku la Chichewa kapena la Setswana lokamba zimenezi likudikira wolilemba.