Zithunzi zakale za pamiyala ku Chongoni

Chongoni ndi dera la mapiri ndi nkhalango m'boma la Dedza, komwe kuli mapanga ndi matanthwe okwana 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi anthu akale. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Awa adali malo achiwiri m'Malawi kulandira ulemuwu, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984.

Zithunzizi zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri. Adazijambula ndi Akafula, omwe amatchedwanso Abatwa, anthu omwe ankadalira ulenje ndi zipatso zakutchire. Zambiri mwa izo ndi mizere, madontho ndi timikombero.

Zoyera zidajambulidwa ndi Achewa, podinda dothi loyera pathanthwe ndi zala. Zina zimaoneka ngati nyama yotambalala miyendo kapena chikopa choyanika, ndipo ofufuza amati anamkungwi ankazigwiritsa ntchito polangiza atsikana kuchinamwali. Zotere zimapezeka kuphanga la Mwana wa Chentcherere, komwe katswiri wa zinthu zakale J. Desmond Clark adafukula mu 1972. Zina, makamaka za ku Namzeze, zimaonetsa zilombo za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro.

Ofufuza amati zithunzi za zilombozi si zakale kwambiri: zambiri zidajambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene gule ankalimbana ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Kwa anthu a ku Mvera, Dowa ndi Ntchisi mbiri imeneyi si yachilendo, pakuti mishoni yoyamba ya mpingo wa Dutch Reformed m'dziko muno idakhazikitsidwa ku Mvera mu 1889, m'dera la Chiwere, mfumu ya Angoni, pakati pa midzi ya Achewa.

Lero zithunzizi zikuonongeka. Ena amalemba maina awo pamwamba pake ndi makala kapena choko, utsi wa moto wam'mapanga umazidetsa, ndipo kudula mitengo kumasiya matanthwe pambalambanda, pomwe dzuwa ndi mvula zimafufuta utoto. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kuononga malo otere, ndipo amawayang'anira ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Wokaona zithunzizi sayenera kuzikhudza kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino, chifukwa chithunzi chikafufutika palibe angachibwezeretse.