Anakana Jekeseni Kuti Anzake Afike Kwao

Ine ndinakulira ku Chileka, kumene mwana amazolowera kulira kwa ndege asanadziwe ndi kuwerenga komwe. Podyetsa mbuzi kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege, tonse tinkalota zodzakhala oyendetsa ndege. Sitinkadziwa kuti m'ndege zankhondo za kale munkakhalanso munthu wina pa kathebulo, ali ndi mapu, kampasi ndi pensulo, amene ntchito yake inali kulondolera njira. Mmodzi wa anthu otere anali Robert Femoyer wa ku America.

Femoyer anabadwa pa 31 Okotobala 1921 ku Huntington, m'chigawo cha West Virginia. Anali wophunzira monga ambiri a inu, pa koleji ya Virginia Polytechnic Institute, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamchotsa m'kalasi asanatsirize maphunziro. M'chaka cha 1944 anamtumiza ku Rattlesden, ku England, kukalondolera ndege zoponya mabomba za mtundu wa B-17.

Pa 2 Novembala 1944, patangopita masiku awiri chikwanitsire zaka 23, ndege yao inapita kukaphulitsa mafakitale a mafuta pafupi ndi Merseburg, ku Germany. Mizinga ya pansi inailasa katatu, ndipo zidutswa za chitsulo zinamlowa Femoyer m'nthiti ndi kumsana. Anzake anafuna kumbaya jekeseni ya mofini kuti ululu uchepe, koma iye anakana. Ankadziwa kuti mankhwalawo akamuledzeretsa, palibenso wina amene akanapeza njira yolambalala mizinga ya adani, pakuti ndegeyo inali itatsalira yokha, yopunduka. Popeza sakanatha kudzuka pansi, anapempha kuti amtsamiritse kuti aziona mapu ake. Kwa maola awiri ndi theka, magazi ali chuchuchu, anakhala akuuza woyendetsa kokhotera. Anavomera jekeseni ija ndege itafika pamwamba pa nyanja ya English Channel. Anatera bwino ku Rattlesden, koma iye anatsirizika atangomtulutsa. Anzake onse anapulumuka. M'chaka cha 1945 boma lake linampatsa Medal of Honor, mendulo yoposa zonse kwa msilikali wa dzikolo, ndipo koleji yake inatcha nyumba ina dzina lake.

Tsono mwina mufunsa kuti mwana wa ku Chileka ali nazo chiyani za Mmereka ameneyu. Sabata yomweyo imene Femoyer anafa, asilikali a Keyala ochokera kuno ku Nyasaland anali m'chigwa cha Kabaw, ku Burma, m'gulu la 11th East African Division, akulimbana ndi Ajapani m'matope ndi malungo polowera ku mtsinje wa Chindwin. Agogo anga aamuna a ku Lirangwe anali komweko.

Madzulo ena tikukazinga chimanga, anandisimbira za mnzao amene anawabereka kumsana iwo atavulala mwendo, mpaka kukawatula kwa adokotala. Mnzaoyo anabwerera kunkhondo ndipo sanaonekenso. "Mdzukulu wanga, popanda ameneyo ngakhale bambo ako sakanabadwa," anatero. Dzina lake analitchula, ndi mudzi womwe, koma ine maganizo anali pa chimanga chija. Agogo anatisiya kalekale, ndipo dzinalo linapita nao kumanda.

Za Femoyer ndikudziwa tsiku, malo ndi maola, chifukwa anzake amene anawapulumutsa anachitira umboni, wina nalemba. Za munthu amene anapulumutsa banja langa ndatsala ndi chiganizo chimodzi chokha. Mlandu umenewu sindingaukankhire kwa Azungu okha. Gawo lina ndi langa, pakuti sukulu ndinali nditayamba ndipo pensulo ndinali nayo. Mau a akulu akoma akagonera.

Mwezi wa Novembala uno, pamene lipenga lidzalira pa chipilala cha Keyala ku Zomba, ine ndidzakumbukira anthu awiri. Wina ndidzamtchula dzina. Winayo ndikupita kukamfunsa ku Lirangwe tchuthi chikubwerachi, kwa azakhali anga amene akali moyo, kope lili m'manja.