Kuyandikira, Kuyandikitsa ndi Kukulitsa pa Khondowe

Ku Livingstonia, kumene a Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, eni mudzi amalankhula Chitumbuka, ndipo iwowo sindikuwaimba mlandu. Mlandu uli ndi ife alendo a Chichewa, amene timakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kamera ili lendee pakhosi, pakamwa pali "tazuma, tazumanso". Liwu limodzi lobwerekali lameza mawu athu atatu, ndipo limodzi nawo lamezanso nzeru yosankhira lenzi.

Kuyandikira ndi ntchito ya miyendo: munthu amasendeza yekha thupi lake kufupi ndi chimene akujambula. Kuyandikitsa ndi ntchito ya lenzi: iwe uli chiimire, chakutali n'kubwera pafupi. Kukulitsa ndi kuja timachita potambasula zala pa foni, ndipo kawirikawiri foniyo imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukafufumitsa, n'chifukwa chake nkhope zimatuluka zachimbuuzi. Inde, zachimbuuzi. Tisamati "zabulala" pamene agogo anatisiyira liwu lokoma chotere.

Ogulitsa malenzi amati prime ndi zoom. Mayinawo akhale, mlendo sapirikitsidwa, koma tanthauzo tilinene m'chathu. Prime ndi lenzi ya muyeso umodzi, kaya 35mm kaya 50mm. Siyandikitsa, mwini wake ndiye amayandikira. Ubwino wake uli pa khomo la kuwala. Lenzi ya 50mm yotseguka mpaka f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa ija ya 18-55mm yobwera ndi kamera, imene ikafika pa 55mm imathera pa f/5.6. Lowani nayo m'tchalitchi cha pamishoni, mmene muli zenera la magalasi amitundumitundu loonetsa David Livingstone, kapena m'zipinda za Stone House momwe amasungamo zinthu zakale, mudzaona nkhope zikutuluka ngwee popanda kuthwanimitsa nyale. Ndi yopepuka m'manja, ndipo ya 50mm ija siboola thumba kwenikweni. Imaphunzitsanso ulemu, pakuti sungayandikire mayi wogulitsa nthochi usanamulonjere ndi kupempha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pa mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita oposa 100, ndani angauze mnzake kuti "yandikira"? Kutsogolo kuli phompho. Apo nenani kuti "yandikitsa", ndipo zoom, lenzi yosintha muyeso, ndiyo mwini ntchito. Chimodzimodzi mukaima pamwamba n'kufuna ngalawa za asodzi pa nyanja kumunsi ku Chitimba. M'chilimwe zoom ili ndi ubwino wina umene ambiri saunena: simusinthasintha malenzi panjira, choncho fumbi silipeza polowera m'mimba mwa kamera.

Pali chinanso chimene chimandilasa mtima. Mnyamata wavala bwino, waima pa masitepe a Stone House, akuti "ndabwera kudzajambula". Ayi mwana wanga, wabwera kudzajambulitsa. Wojambula ndi uyo wagwira kamera, iwe ndiwe wojambulidwa. Ndipo zimene utenge si "mapiki abho", ndi zithunzi zokongola, chikakhala chimodzi ndi chithunzi chokongola. Ka "-tsa" kamene mumakataya pa kujambulitsa ndi komwe kaja kamasiyanitsa kuyandikira ndi kuyandikitsa.

Tsono tigule iti? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine, pa zithunzi za tsiku ndi tsiku, za ana pakhonde, za kwaya, za ophunzira a pa Yunivesite ya Livingstonia tsiku lovala mikanjo, ndimaikira kumbuyo ya 35mm. Amene mtima wake uli pa mapiri, mbalame ndi mathithi atenge yoyandikitsa. Pofika kwa wogulitsa musayambe ndi "ndikufuna yozuma kwambiri". Muuzeni chimene mumajambula, kaya m'nyumba kaya pabwalo, ndiponso ngati pamalopo miyendo ili ndi poponda.